Dontho Lomaliza: Mbiri ya Kuyeza Siliva, Mchere ndi Madzi Okana Sopo

Mawu akuti titration, amene ana a sukulu amakumana nawo m'kalasi ya kemisitiri, anachokera kwa osula ndalama. M'Chifalansa, titre ndi kuchuluka kwa siliva kapena golide weniweni amene ali m'ndalama yachitsulo, kupatula mkuwa wosakanizidwamo. Ntchito yake sivuta kuifotokoza. Muli ndi madzi amene mwasungunuka chinthu chimene simukudziwa kuchuluka kwake. Mumatenga mankhwala amene mphamvu yake mukuidziwa bwino, ndipo amagwirana ndi chinthu chija, n'kumadontheza pang'onopang'ono mpaka chonse chitagwidwa. Mukatero mumaona kuti mwathira ochuluka bwanji, n'kuchita masamu. Povuta ndi pamodzi pokha: mudziwa bwanji kuti dontho ili ndiye lomaliza, ndipo lotsatiralo n'lopyola? Funso limeneli linavutitsa anthu kwa zaka zoposa 200, ndipo oyamba kulifunsa ambiri anali anthu a malonda: oyeretsa nsalu, ophika sopo ndi osunga chuma cha boma.

Chiyambi chake n'chochepa. Mu 1729 katswiri wina wa ku Paris, dzina lake Geoffroy, anafuna kudziwa kuti pa maviniga angapo wamphamvu ndi uti. Ankathira ufa wa mchere wa phulusa m'viniga pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya kutuluka, ndipo viniga amene wadya ufa wambiri ndiye anali wamphamvu. Mchere umenewu ndi womwe uja amayi amacheza kuchokera m'phulusa popanga chidulo cha thelere. Ku Ulaya unali katundu wodula, chifukwa oyeretsa nsalu ndi opanga sopo ndi magalasi sakanagwira ntchito popanda iwo, ndipo ogulitsa ena ankausakaniza ndi zinthu zopanda pake. Ku Edinburgh, dokotala Francis Home analemba buku la kayeretsedwe ka nsalu mu 1756, ndipo muyeso wake unali sipuni ya tiyi. Ankawerenga masipuni a asidi amene phulusa lililonse ladya. Anayezanso madzi okana sopo powathira mchere wa phulusa pang'onopang'ono mpaka atasiya kuchita mbuu. Apa ndi pamene kuvunduka kwa madzi kunayamba kugwira ntchito ngati chizindikiro. Sipuni inalowedwa m'malo ndi galasi lolembedwa mizere pamene François Descroizilles wa ku Rouen, mzinda wa nsalu, anapanga chipangizo choyezera mphamvu ya madzi a chlorine oyeretsera nsalu cha m'ma 1791.

Nkhani inasintha kwenikweni pamene inakhudza ndalama za boma la France. Kuyambira kalekale siliva ankamuyeza ndi moto. Woyeza ankatenga kachidutswa ka ndalama, n'kukakulunga ndi mtovu, n'kukaika m'kambale kopangidwa ndi phulusa la mafupa, n'kukalowetsa m'ng'anjo. Mtovu unkasungunuka n'kulowerera m'kambale kaja pamodzi ndi mkuwa, pamwamba n'kutsala kamkanda ka siliva konyezimira. Kamkandako ankakaika pa sikelo. Koma siliva wina ankalowereranso m'kambalemo, wina n'kuuluka ndi kutentha, ndipo wotayikayo ankachuluka kapena kuchepa malinga ndi ukali wa moto ndi dzanja la woyeza. Motero ndalama zinkaoneka ngati zili ndi siliva wochepa kuposa amene analimodi. Pa ndalama imodzi si kanthu, koma pa chuma cha dziko lonse boma linkaluza kwambiri.

Joseph Louis Gay-Lussac, amene anali atatchuka kale ndi kafukufuku wa mipweya, anapatsidwa udindo woyang'anira kuyeza siliva ndi golide ku Paris mu 1829. Ndi iye amene anali atazika kale mawu akuti burette ndi pipette, maina a magalasi oyezera madzi, mu 1824. Malangizo ake a njira yatsopano anatuluka mu 1832, ndipo anasiya moto n'kutenga madzi a mchere wa patebulo. Chitsulo chija ankachisungunula m'asidi wa nitric, kenako n'kuthiramo madzi a mchere. Chloride wa mumchere akakumana ndi siliva amapanga nsenga zoyera ngati chambiko, zotchedwa silver chloride, zimene sizisungunuka. Gay-Lussac anakonza madzi a mchere awiri. Oyamba anali oti mamililita 100 amagwetsa ndendende galamu imodzi ya siliva. Achiwiri anawachepetsa mphamvu kakhumi, moti mililita imodzi inkaimira miligalamu imodzi. Woyeza ankathira oyambawo kamodzi, n'kutseka botolo, n'kulikhutchumula mpaka nsenga zitaundana n'kudikha pansi, madzi a pamwamba n'kuyera mbee. Ndiyeno ankathira mililita imodzi ya achiwiri aja n'kuyang'anitsitsa. Kakaoneka kamtambo, ndiye kuti siliva akadalimo: khutchumulanso, dikiranso, thiranso. Kamtambo kakasiya kuoneka, ntchito yatha.

Njira imeneyi inalibe utoto uliwonse wothandiza diso. Inkadalira kuleza mtima basi, ndipo ndimaiona ngati yokongola kuposa zambiri zimene zinabwera pambuyo pake, chifukwa chizindikiro chake chinali siliva mwiniwakeyo. Inkaloza molondola mpaka gawo limodzi pa magawo 1,000, mwinanso kuposa pamenepo, ndipo nyumba zosulira ndalama za maiko ena zinaitengera. Chofunika china n'chakuti inasonyeza anthu okayikira kuti kuyeza ndi madontho kungapose sikelo ndi ng'anjo. Kufikira nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankaona titration ngati njira yachidule ya m'mafakitale, yosayenera munthu wofuna choonadi chenicheni.

Madzi okana sopo anapeza muyeso wawo ku Scotland. Thomas Clark, mphunzitsi wa kemisitiri ku Aberdeen, anabwera ndi njira yake mu 1841. Aliyense wochapa amadziwa kuti madzi ena amadya sopo: umapaka, umapaka, thovu osatuluka, pamwamba pakungoyandama zinthu zotuwa zomata. Chimachitika n'chakuti calcium ndi magnesium wa m'madzimo amagwira sopo n'kumusandutsa nsenga, ndipo thovu limayamba pokhapokha onsewo atakhuta. Clark anangotenga zimene ochapa ankazidziwa kale n'kuziika pa muyeso. Ankadontheza madzi a sopo m'botolo la madzi, n'kumakhutchumula, mpaka patapezeka thovu losaphwa kwa mphindi zisanu. Njira yake inali yosalondola kwenikweni, pakuti wina ankati thovu lakwana pamene mnzake akuti ayi, komabe inakhala zaka zoposa 100 chifukwa panalibe ina yachangu yoiposa.

Mu 1851 Justus von Liebig wa ku Giessen anachita chinthu chimene tanthauzo lake linadzamveka bwino patapita nthawi yaitali. Ankafuna kuyeza cyanide, poizoni woopsa uja. Atadontheza silver nitrate m'madzi a cyanide, madzi sanavunduke. Siliva aliyense wolowamo ankagwidwa ndi ma cyanide awiri, uku ndi uku, n'kukhalabe wosungunuka. Madzi ankakhala oyera mpaka cyanide yense atagwira siliva wake, ndipo dontho lotsatira ndi limene linkabweretsa kamtambo kosachoka. Kwa Gay-Lussac mtambo ukatha ndiye kuti wafika. Kwa Liebig mtambo ukayamba ndiye kuti wafika. Imeneyi ndiyo inali titration yoyamba ya mtundu umene lero umatchedwa complexometric, mmene chitsulo chimagwidwa koma osagwa pansi. Georges Denigès wa ku Bordeaux anaikonzanso mu 1893 poonjezamo ammonia ndi iodide kuti mtambowo uzioneka bwino. Njirayi inapeza ntchito yaikulu m'migodi ya golide ya ku Witwatersrand, kumene kuyambira cha m'ma 1890 golide ankamusungunula kuchokera m'miyala yoperedwa pogwiritsa ntchito cyanide. Agogo athu amene anapita ku Joni ankakumba mwala pansi, ndipo pamwamba panali anthu odontheza silver nitrate kuti aone ngati madzi a cyanide adakali ndi mphamvu. Njira ya Denigès yomweyi imagwiranso ntchito poyeza poizoni wa m'chinangwa chowawa, amene anthu a m'mbali mwa nyanja amamuchotsa poviika chinangwacho m'madzi asanasinje ufa wa kondowole.

Amene anasonkhanitsa zonsezi n'kuzisandutsa phunziro limodzi anali Karl Friedrich Mohr, wogulitsa mankhwala ku Koblenz, munthu wa manja aluso amene ankakonda kukonza zipangizo. Burette za nthawi imeneyo zinkafuna kupendeketsa kuti madzi atuluke. Mohr anaimika yake chilili, kunsi kwake n'kuikako kapaipi ka mphira ndi kopanira, moti munthu ankatha kutulutsa dontho limodzi ndi zala ziwiri, dzanja lina likugwedeza botolo. Buku lake la njira za titration linayamba kutuluka mu 1855, ndipo mu 1856 anafalitsa njira yoyezera chloride imene mpaka lero imatchedwa dzina lake. M'madzi oyezedwawo amathiramo potassium chromate pang'ono, madzi n'kuchita chikasu. Siliva akamadontha amasankha chloride poyamba, chifukwa silver chloride ndiye amagwa msanga. Chloride akatha, siliva amatembenukira kwa chromate n'kupanga nsenga zofiira ngati njerwa yootcha. Palibenso kudikira kuti madzi adikhe. Koma njirayi ili ndi malamulo ake: madzi akakhala ndi asidi wambiri kufiirako kumachedwa kapena osabwera n'komwe, ndipo akapendekera kwambiri mbali inayo siliva amagwa yekha ngati nsenga zoderako.

Vuto la asidi linathetsedwa ndi Jacob Volhard, wophunzira wa Liebig, mu 1874. Iye ankayeza siliva ndi thiocyanate, amene amapanga nsenga zoyera, ndipo m'botolomo ankaikamo mchere wa ayironi. Siliva akatha, dontho loyamba la thiocyanate wopanda mnzake linkagwirana ndi ayironi, madzi n'kufiira ngati mwalowa magazi. Zimenezi zimachitika bwino m'asidi. Pofuna kuyeza chloride, njirayi imayenda chobwerera: mumathira dala siliva wopitirira muyeso, amene kuchuluka kwake mukukudziwa, ndiyeno mumayeza wotsalayo. Zili ngati kutuma mwana ku msika ndi ndalama yodziwika, n'kudziwa mtengo wa katundu powerenga chenji. Oyeza mchere m'nyama, m'tchizi ndi m'konkiriti amaigwiritsabe ntchito.

Anthu onsewa ankadziwa kuti njira zawo zimagwira, koma chifukwa chake chinadzamveka kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Walther Nernst ndi Wilhelm Ostwald anafotokoza ndi masamu chifukwa chake nsenga zina zimagwa zinzake zisanagwe. Mu 1893, ku Leipzig, Robert Behrend anatsata titration ndi chipangizo choyeza mphamvu ya magetsi m'malo mwa diso. M'chaka chomwecho ku Zurich, mnyamata wa zaka 26, Alfred Werner, ananena kuti chitsulo chosungunuka chimakhala pakati, chitazunguliridwa ndi ena ochigwira, nthawi zambiri anayi kapena asanu ndi mmodzi, aliyense pa malo ake. Analandira mphoto ya Nobel mu 1913. Njira yomaliza mwa njira zazikulu za siliva inachokera ku Munich mu 1923, kwa Kazimierz Fajans ndi Odd Hassel. Iwo anathira utoto wa fluorescein m'botolo. Chloride akadalipo, utoto umangoyandama m'madzi ndi mtundu wake wobiriwira mwachikasu. Chloride akangotha, siliva wotsala amamatirira pa nsenga zija n'kukokerapo utoto, ndipo nsengazo zimachita pinki. Mtundu umasintha pa khungu la nsenga, osati m'madzi.

Komabe zitsulo zambiri zinkakanabe kuyezedwa ndi madontho. Chifukwa chake anachionetsa bwino Jannik Bjerrum wa ku Copenhagen mu 1941. Ammonia akamagwira mkuwa, sagwira kamodzi: amabwera woyamba, kenako wachiwiri, wachitatu, wachinayi, ndipo masitepe amenewa amalowererana. Palibe dontho limene munganene kuti apa ndiye patha. Motero woyeza calcium ankayenera kumugwetsa ndi oxalate, kusefa, kutsuka, kenako kuotcha kapena kusungunulanso. Magnesium ankafuna kugona usiku wonse kuti nsenga zake zikwane. Kuyeza botolo limodzi la madzi molondola kunkadya tsiku lathunthu, mwinanso awiri.

Yankho linachokeranso ku nsalu. Opaka utoto ankadana ndi calcium wa m'madzi chifukwa ankaononga mtundu wa nsalu, ndipo ankamugwira ndi asidi wa citric. Germany wa m'zaka za m'ma 1930 ankafuna kuchepetsa katundu wogula kunja. Ferdinand Münz, katswiri wa kampani ya IG Farben, anapanga mankhwala olowa m'malo mwake mu 1935, amene lero timawadziwa ndi zilembo zinayi zakuti EDTA. Münz anali Myuda, ndipo anazunzika mu ulamuliro wa Nazi. Dzina lake linaiwalika kwa nthawi yaitali pamene mankhwala ake ankafalikira dziko lonse. Mwa anthu onse a m'mbiri imeneyi, iyeyu ndi amene ndimafuna kuti ophunzira azimutchula dzina.

Mphamvu ya EDTA ili m'kapangidwe kake. Ali ndi malo ogwirira asanu ndi limodzi, awiri a nitrogen ndi anayi a oxygen, onse pa thupi limodzi. Mu 1920 akatswiri awiri a ku England, Morgan ndi Drew, anali atatcha kagwiridwe kotere chelate, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza zopanira za nkhanu. EDTA ndi nkhanu yokhala ndi zopanira zisanu ndi chimodzi: imakumbatira chitsulo kamodzi n'kamodzi, mmodzi kwa mmodzi, kaya ndi calcium, zinc, mtovu kapena ayironi. Masitepe a Bjerrum aja amasanduka sitepe imodzi.

Amene anaona kuti apa pali njira yoyezera anali Gerold Schwarzenbach wa pa yunivesite ya Zurich. Iye ankafufuza za maasidi, ndipo anadabwa kuona kuti akathira calcium m'madzi a mankhwala a mtundu umenewu, asidi ankakwera mwadzidzidzi, kusonyeza kuti calcium wagwidwa zolimba. Nthawi imeneyo anthu ankakhulupirira kuti calcium sagwirika chotero. Kuyambira mu 1945 anayamba kufalitsa zimene anapeza m'magazini ya Helvetica Chimica Acta, ndipo mankhwalawo anawatcha ma Komplexon. Chinkasowa ndi chizindikiro cha dontho lomaliza. Nkhani imene akatswiri amakambirana imati chinapezeka potsuka mabotolo: timadontho ta utoto wa murexide totsalira m'galasi tinasintha mtundu titakumana ndi madzi a pampopi a ku Zurich, amene ali ndi calcium wambiri. Wina akanangotsukuluza n'kupitiriza ntchito. Ku Zurich anaima n'kufunsa chifukwa chake. Mu 1946 anafalitsa njira yoyezera madzi okana sopo, ndipo mu 1948 iye ndi Biedermann anabweretsa Eriochrome Black T, utoto wa nsalu zaubweya wa kampani ya Geigy ya ku Basel.

Kachitidwe kake ndi aka. M'madzi oyezedwa mumathira mankhwala a ammonia kuti pH, muyeso wa asidi, ikhazikike pa 10, ndiyeno utoto pang'ono. Utotowo umagwira magnesium, madzi n'kufiira ngati vinyo. EDTA akamadontha amayamba ndi calcium ndi magnesium amene akuyenda okha. Amenewa akatha, amalanda ndi amene ali m'manja mwa utoto, pakuti iye amagwira zolimba kuposa utotowo. Utoto ukatsala wokha umabwerera ku mtundu wake, ndipo madzi amachoka pa kufiira, kudzera pa pepo, n'kukhala buluu. Mukafuna calcium yekha mumakweza pH kufika pa 12 kapena 13 kuti magnesium agwe pansi, n'kugwiritsa ntchito murexide. Ntchito ya tsiku lathunthu ija inayamba kutha m'mphindi zochepa.

Zaka khumi zotsatira zinali za liwiro. Poti EDTA amagwira pafupifupi chitsulo chilichonse, luso linakhala lomuletsa kugwira chimene simukufuna. Rudolf Přibil wa ku Prague anathera moyo wake pa luso limeneli, lobisa zitsulo zina ndi mankhwala monga cyanide ndi triethanolamine, ndipo iye ndi Körbl anabweretsa utoto wa xylenol orange mu 1956. Hermann Flaschka ankachita zofanana ku Graz, ndipo Anders Ringbom wa ku Åbo m'dziko la Finland anakonza masamu othandiza kudziwiratu pH yoyenera chitsulo chilichonse. Ku Iowa, Harvey Diehl, Charles Goetz ndi Clifford Hach anafalitsa njira ya madzi mu 1950, ndipo kampani ya Hach inayamba kugulitsa timabokosi toyezera toti munthu wosaphunzira kemisitiri n'kutha kuyeza madzi powerenga madontho. Buku la Schwarzenbach linatuluka mu 1955, chaka chimene anasamukira ku yunivesite ya ETH. Botolo la sopo la Clark linapuma.

M'chaka chomwecho cha 1955, Alan Walsh wa ku Melbourne anafalitsa njira yoyezera zitsulo ndi kuwala kodutsa m'lawi la moto, ndipo mu 1975 Hamish Small ndi anzake anabweretsa makina olekanitsa ndi kuyeza chloride pamodzi ndi anzake nthawi imodzi. Makina otere amaona tinthu tochepa kwambiri timene burette singathe. Ngakhale titration yeniyeniyo, m'malabotale olemera imachitidwa ndi makina odontheza okha, ndipo dontho lomaliza limadziwika ndi magetsi monga anayambira Behrend. Koma njira zakale sizinafe. Mabuku a malamulo a mankhwala a m'chipatala amalamulabe EDTA poyeza calcium, magnesium, zinc ndi aluminium, ndipo mafakitale a simenti amayeza naye laimu. Chinthu chikakhala chochuluka, titration yochitidwa mosamala imalondola kuposa makina ambiri odula, ndipo sifuna magetsi kapena mipweya ya m'masilinda.

N'chifukwa chake mbiri imeneyi imafika mpaka pa mjigo. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, kuli mijigo imene madzi ake ndi amchere moti anthu amaisiya n'kubwerera kumtsinje. Bungwe la WHO limati mchere umayamba kumveka pakamwa chloride akafika cha pa mamiligalamu 250 pa lita. Botolo la madzi otere likafika m'labotale, ziwiri mwa njira zimene zili m'buku la Standard Methods, limene oyeza madzi amatsatira m'maiko ambiri, ndi ya Mohr ya 1856 yoyezera chloride ndi ya Schwarzenbach yoyezera madzi okana sopo. Pa njira yachiwiriyi, woyeza amathira mamililita 100 m'botolo, ammonia, kautoto, n'kutsegula burette ya EDTA amene mililita yake imodzi imaimira miligalamu imodzi ya calcium carbonate. Dzanja lamanja likugwedeza botolo, lamanzere lili pa kampopi, pansi payalidwa pepala loyera kuti mtundu uoneke. Pepo akayamba, amachepetsa mpaka theka la dontho. Ngati buluu wabwera pa mamililita 18, amalemba m'kaundula kuti mamiligalamu 180 a calcium carbonate pa lita, n'kutsuka botolo, n'kutenga la mjigo wotsatira.